MOTO WA M'MIMBA: Mmene Ayurveda Amasamalira Thupi M'nyengo Yachisanu

Chisanu chikalowa, njala imayamba kuluma msanga kuposa masiku otentha. Mwana amene ankasiya nsima m'mbale amapempha mtanda wina. Okalamba amadandaula za kudzimbidwa, khungu limatuwa, zidendene zimang'ambika, ndipo chifuwa ndi chimfine zimayenda khomo ndi khomo. Asing'anga akale a ku India adaziona zonsezi, ndipo adalemba malangizo a kadyedwe ndi kasamalidwe ka thupi koyenera nyengo imeneyi. Malangizowo akutsatidwabe m'makomo ambiri a m'dzikomo. Ena mwa iwo amagwirizana bwino ndi zimene a zaumoyo amaphunzitsa lero, koma ena amafuna kuwapima kaye asanatsatidwe.

KODI AYURVEDA N'CHIYANI?

Ayurveda ndi njira yamakolo yochizira ndi kupewera matenda imene idayambira ku India. Dzinali ndi la chiyankhulo chakale cha Sanskrit: "ayus" ndi moyo, "veda" ndi chidziwitso. Mabuku ake akuluakulu ndi atatu. Charaka Samhita, limene lakhalapo zaka pafupifupi 2,000, limafotokoza za matenda a m'kati mwa thupi ndi zakudya. Sushruta Samhita limadziwika kwambiri pa za opaleshoni. Lachitatu, Ashtanga Hridaya, lidalembedwa ndi Vagbhata cha m'ma 600, ndipo lidasonkhanitsa nzeru za mabuku awiri aja mwachidule.

Masiku ano Ayurveda amaphunzitsidwa m'makoleji ovomerezeka ndi boma la India, kumene wophunzira amatha zaka zisanu ndi theka asanaloledwe kuona odwala. M'chaka cha 2014 boma la dzikolo lidakhazikitsa unduna wapadera wotchedwa AYUSH woyang'anira za mankhwala amakolo, ndipo mu 2022 bungwe la World Health Organization lidayala maziko a likulu lofufuza za mankhwala oterewa mumzinda wa Jamnagar, m'chigawo cha Gujarat.

Cholinga choyamba cha Ayurveda, monga mmene mabukuwo amanenera, ndicho kusunga thanzi la munthu amene sadadwale. Kuchiza wodwala kumabwera pachiwiri. N'chifukwa chake mabukuwo amatha masamba ambiri akufotokoza za nthawi yodzuka, yodya, yosamba ndi yogona, ndiponso mmene zonsezi ziyenera kusinthira nyengo ikasintha.

NYENGO ZIWIRI ZOZIZIRA

Anthu a ku India amagawa chaka m'nyengo zisanu ndi imodzi, iliyonse ya miyezi iwiri. Ziwiri mwa izo n'zozizira. Hemanta imayamba pakati pa Novembala mpaka pakati pa Januwale, ndipo Shishira imatsatira mpaka pakati pa Malichi. Dziko la India lili kumpoto kwa equator, motero chisanu chake chimadza pamene ku Malawi kuli dzinja. Kumpoto kwa dzikolo, m'mizinda monga Delhi, usiku wa mu Januwale umazizira kufika pa madigiri 7 kapena 8, ndipo nkhungu imaphimba dziko mpaka dzuwa litakwera. Kuzizira kotereku sikusiyana kwenikweni ndi kwa ku Dedza mu Juni ndi Julaye, kapena kwa ku Thyolo ndi Mulanje masiku a chiperoni.

MOTO, NKHUNI NDI PHULUSA

Mawu aakulu pa chiphunzitso chonsechi ndi "agni", kutanthauza moto. Asing'anga a Ayurveda amayerekeza mimba ndi moto wa pamafuwa, ndipo chakudya ndicho chimene chili mumphika. Moto ukamayaka bwino chakudya chimapsa, thupi n'kulandira mphamvu. Ukakhala wofooka, chakudya chimatsala chosapsa, ndipo zotsalirazo, zimene amazitcha "ama", zimalemetsa thupi ndi kuyambitsa matenda. Moto ukakula mopitirira muyeso, umapsereza chakudya pamodzi ndi mphika womwe.

Iwo amati motowu umakhala wa mitundu inayi. Pali woyaka bwino, umene mwini wake amamva njala pa nthawi yake ndipo akadya thupi limapepuka. Pali wosinthasintha, umene lero uyaka mawa uzima, ndipo umadza ndi mpweya m'mimba ndi kudzimbidwa. Pali waukali, wa munthu amene njala imam'pweteka kawirikawiri ndipo amamva chilungulira. Pomaliza pali waulesi, wa munthu amene akadya pang'ono amalemedwa ndi kuwodzera.

Chakudya chikapsa bwino, iwo amati chimasanduka madzi opatsa thanzi, ndipo madziwo amamanga magazi, minofu, mafuta, mafupa, mafuta a m'mafupa ndi mbewu ya ubereki, motsatizana. Chotsiriza ndi chamtengo wapatali pa zonsezi amachitcha "ojas". Ameneyu ndiye nyonga ya m'kati imene imaonekera pa kuwala kwa nkhope, kulimba mtima ndi kusagwidwa msanga ndi matenda. Mwa kuganiza kwawo, palibe njira yachidule yopezera nyonga imeneyi: imachokera ku chakudya chogayidwa bwino, tulo tokwanira ndi mtima wodekha.

Tsono pa za chisanu, Charaka amaphunzitsa chinthu chimene ambiri sangachiyembekezere. Iye amati mphepo yozizira ikawomba pakhungu, imatsekera kutentha m'kati mwa thupi, monga mmene ng'anjo yomatidwa bwino imasungira moto. Chotero mwa munthu wathanzi moto wa m'mimba umakhala waukulu m'chisanu kuposa nyengo ina iliyonse, ndipo ungathe kugaya ngakhale zakudya zolemera. Koma moto waukulu umafuna nkhuni zambiri. Ukapanda kupatsidwa chakudya chokwanira, umayamba kudya thupi lenilenilo. Vagbhata amawonjeza kuti popeza usiku wa m'chisanu ndi wautali, munthu amadzuka ndi njala m'mamawa, ndipo sayenera kuinyalanyaza.

ZIMENE SAYANSI IMANENA

M'mimba mulibe moto weniweni. Chakudya chimagayidwa ndi mano, malovu, asidi wa m'chifu, ndulu yochokera m'chiwindi ndi timadzi ta m'kapamba, kenaka chimayamwidwa m'matumbo aang'ono amene kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 6. Moto wa Ayurveda ndi fanizo chabe. Komabe fanizoli lili ndi choonadi chake.

Thupi la munthu liyenera kukhala lotentha madigiri 37 m'kati mwake, kaya kunja kwatentha kaya kwazizira. Kukazizira, timitsempha ta magazi ta pakhungu timachepa, magazi ambiri n'kuthawira ku ziwalo za m'kati. Ichi ndicho chifukwa chake zala ndi mapazi zimazizira poyamba. Kuzizirako kukapitirira, minofu imayamba kunjenjemera kuti ipange kutentha, ndipo kunjenjemerako kumadya mphamvu yochokera ku chakudya. Munthu wogona m'nyumba yozizira ndi bulangete limodzi, kapena wolawirira kumunda mame asanaume, amafunadi chakudya chambiri kuposa masiku otentha. Akapanda kuchipeza, thupi limatapa mafuta ndi minofu yake, monga momwe Charaka adanenera. Ana aang'ono, okalamba ndi odwala matenda a nthawi yaitali ndiwo amafooka msanga chifukwa nkhokwe yawo ya m'thupi ndi yaing'ono.

Chinthu china chimene chisanu chimachita ndicho kuchepetsa ludzu. Munthu amatha tsiku lonse atamwa kapu imodzi yokha ya madzi, chimbudzi n'kuuma, ndipo kudzimbidwa kumayamba pamenepo.

CHAKUDYA CHA M'CHISANU KU INDIA

Ayurveda amalangiza kuti m'chisanu chakudya chikhale chotentha, chophikidwa kumene, chokhala ndi mafuta pang'ono, ndiponso chokhutitsa. Mabuku akale amatchula tirigu, mpunga watsopano, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka, zochokera ku nzimbe, msuzi wa nyama, mafuta a chitowe ndi madzi ofunda. Zimene amaletsa ndi kusala kudya, kudya mopereweza, zakumwa zozizira ndi zakudya zouma zopanda msuzi.

Malangizo amenewa amaoneka m'miphika ya anthu wamba. Ku Punjab, chakudya chotchuka cha m'chisanu ndi ndiwo za mpiru zophikidwa nthawi yaitali, zodyera mkate wa ufa wa chimanga, ndi batala pamwamba. Ku Rajasthan ndi ku Gujarat amadya mkate wa mchewere. Pa chikondwerero cha Makar Sankranti, chimene chimachitika pa 14 kapena 15 Januwale, anthu amapatsana timaswiti ta chitowe chosakaniza ndi shuga wakuda wa nzimbe wotchedwa gur. Wodwala kapena amene m'mimba mwake simuli bwino amam'phikira khichdi, phala lolimba la mpunga ndi mphodza zophikira pamodzi, lothira mafuta pang'ono a batala wosungunula amene amawatcha ghee.

Katswiri wa zakudya atayang'ana mbale zimenezi angapeze magulu onse ofunika: zopatsa mphamvu mu mpunga, tirigu ndi mchewere, zomanga thupi mu mphodza, mkaka ndi nyama, zoteteza ku matenda mu mpiru, ndi mafuta mu chitowe. Zambiri mwa mbewuzi zimalimidwanso ku Malawi. Chitowe, mphodza, nandolo, mtedza, mpiru, mbatata ndi maungu zimapezeka nthawi yomwe chisanu chimafika, pakuti chisanu cha kuno chimadza anthu atangokolola. Phala lothira nsinjiro m'mawa limagwira ntchito yomweyo imene khichdi amagwira ku India.

Pa zipatso, Ayurveda amatamanda kwambiri amla, kachipatso kowawasa kamene kamapsa m'chisanu ndipo kali ndi vitamini C wochuluka. Kuno malalanje, mananchesi, malambe ndi masau zimapereka vitamini yemweyo. Mtengo wa masau umameranso ku India, kumene chipatso chake amachitcha ber.

KADYEDWE KAKE

Asing'anga a Ayurveda amati mmene munthu amadyera n'chinthu chachikulu mofanana ndi chimene akudya. Munthu ayenera kudya pamene chakudya choyamba chagayika ndipo njala yeniyeni yabwera. Ayenera kukhala pansi pamalo aukhondo, osathamanga, osachedwetsanso mpaka chakudya kuzizira, ndipo maganizo ake akhale pa mbaleyo. Charaka amalangiza kugawa mimba patatu: gawo limodzi la chakudya, lina la zakumwa, lachitatu likhale lopanda kanthu kuti chakudya chipeze malo otembenukira. Chakudya chamadzulo chimayenera kukhala chopepukirapo ndi kudyedwa nthawi yogona isanayandikire. Pa mfundo yotsirizayi madokotala amavomereza: kugona mimba ili tho kumabweza asidi kukhosi, ndipo n'kwabwino kuti papite maola awiri kapena atatu munthu asanagone.

Zokometsera zotentha pakamwa zimagwiritsidwa ntchito pofuna kukoleza moto wofooka. Chodziwika kwambiri ndi jinja. Ena amatafuna kachidutswa ka jinja wamuwisi kothira mchere pang'ono asanadye, ena amam'wiritsa m'madzi kapena mu tiyi. Palinso ufa wotchedwa trikatu, wosakaniza jinja wouma, tsabola wakuda ndi tsabola wina wamtali wotchedwa pippali. Kafukufuku wasonyeza kuti jinja amachepetsa nseru ndipo amathandiza chifu kupititsa chakudya m'matumbo. Koma kwa munthu wa zilonda za m'mimba kapena wa chilungulira, zokometsera zambiri zimawonjezera ululu.

Pa malangizo onse a Ayurveda, awiri ndiwo amtengo wapatali koposa pa zaukhondo, ngakhale amene adawalemba sankadziwa za tizilombo tosaoneka ndi maso. Loyamba ndi lakumwa madzi owiritsa akadali ofunda. Madzi ofunda amamweka mosavuta pamene kwazizira, ndipo kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, tayifodi ndi kamwazi. Lachiwiri ndi lopewa chakudya chogona. Anthu ambiri amaganiza kuti chisanu chimasunga chakudya, koma kuzizira kwa m'nyumba sikufika pa kuzizira kwa furiji. Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo mkute, mpunga kapena nyemba za dzulo ziyenera kutenthetsedwa mpaka kutuluka nthunzi paliponse zisanadyedwe.

MAFUTA, DZUWA NDI TULO

Kusamala thupi m'chisanu sikuthera pa mbale. Ayurveda amalangiza kudzola ndi kusisita thupi lonse ndi mafuta ofunda, makamaka a chitowe, munthu asanasambe madzi otentha. Mwambowu umatchedwa abhyanga. Mafutawo amatseka chinyezi pakhungu kuti lisang'ambike, ndipo kusisitako kumafewetsa minofu. Khungu long'ambika ndi khomo la tizilombo, makamaka kumapazi a munthu wa matenda a shuga, choncho kudzola si nkhani ya kudzikongoletsa chabe.

Mabukuwo amanenanso za kuwothera dzuwa, kuvala zovala zochindikala, kuvala nsapato, kukhala m'chipinda chosalowa mphepo ndi kulimbitsa thupi tsiku lililonse. Vagbhata amati munthu alimbitse thupi kufika pa theka la mphamvu zake, osati mpaka kulefuka. Kugona masana amakuletsa m'nyengo imeneyi, poti usiku ndi wautale kale. Kuyenda ndi kugwira ntchito kumathandizadi matumbo kuyenda, ndipo munthu wongokhala pamoto tsiku lonse ndiye amadzimbidwa msanga.

POFUNIKA KUCHENJERA

Malangizo akalewa adalembedwera anthu ogwira ntchito zathukuta, oyenda pansi ndi ogona m'nyumba zozizira. Munthu wa mu ofesi amene amayenda pa galimoto akawatsatira onse, mafuta, shuga ndi mchere zimam'chulukira. Ayurveda amalimbikitsa zotsekemera, zowawasa ndi zamchere m'chisanu, koma a World Health Organization amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene sudzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Wodwala kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, a impso kapena a shuga ayenera kutsata zimene adauzidwa ku chipatala, chisanu kapena ayi.

Chachiwiri ndi mankhwala a m'mabotolo ndi m'mapaketi. Nthambi ina ya Ayurveda imathira dala zitsulo zowotcha m'mankhwala, ndipo mankhwala ena amaipitsidwa popangidwa. M'chaka cha 2003 ofufuza a mumzinda wa Boston ku America adagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'masitolo, ndipo mu 14 mwa iyo adapezamo mtovu, mercury kapena arsenic. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, magazi ndi impso, ndipo chizindikiro chake chimodzi ndi kupweteka m'mimba ndi kudzimbidwa kumene munthuyo ankafuna kuchiza. Jinja wa mu tiyi ndi chakudya. Mbulu wosadziwika zimene zili m'kati mwake ndi nkhani ina. Amayi oyembekezera ndi ana asapatsidwe mankhwala oterewa, ndipo amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye kapena kusakaniza popanda kufunsa dokotala.

Chachitatu ndi ana akhanda. Mwana wosakwana miyezi 6 safuna madzi ofunda, tiyi wa jinja kapena batala. Bere lokha limam'kwanira. Uchi usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi chifukwa ungathe kukhala ndi tizilombo tofoola minofu. Njira yabwino yofunditsira khanda ndiyo kuligoneka pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, litavala chipewa.

Chachinayi ndi moto weniweni. Langizo la kukhala m'chipinda chofunda limatayitsa miyoyo chaka ndi chaka kumpoto kwa India, kumene mabanja amagona ndi mbaula ya makala, yotchedwa angithi, atatseka zitseko ndi mazenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka amagona tulo tosadzuka. Ngozi yomweyi imachitika kulikonse kumene mbaula imalowa m'chipinda chogona. Mbaula izimitsidwe kapena itulutsidwe panja anthu asanagone. Nyumba yotsekedwa ponseponse imafalitsanso chimfine ndi chifuwa chachikulu, choncho mazenera atsekulidwe masana.

Pomaliza, si vuto lililonse la m'mimba limene lili la moto wofooka. Kutsekula m'mimba kwa ana koyamba ndi kachilombo ka rotavirus kumachuluka m'miyezi yozizira, ndipo katemera wake adayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2012 ndi ku India mu 2016. Mwana wotsekula m'mimba amafunika Thanzi ORS, zinc, kuyamwa ndi kupita naye ku chipatala. Munthu wamkulu amene akuonda popanda chifukwa, akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda kapena cha magazi, akulephera kumeza, kapena wakhosomola milungu iwiri, asataye nthawi ndi jinja. Chimodzimodzi mwana wopuma mofulumira ndi kulowa nthiti: chimenecho chingakhale chibayo. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

MFUNDO ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

1. Thupi limafuna chakudya chokwanira m'chisanu. Ana ndi okalamba asachoke kapena kukhala m'mawa wonse osadya kanthu kotentha.
2. Chakudya chidyedwe chikadali chotentha, pa nthawi yake, modekha, ndipo mimba isadzazidwe mpaka pakhosi.
3. Madzi owiritsa amwedwe tsiku lonse ngakhale ludzu palibe.
4. Masamba, nyemba ndi zipatso zisasowe, pakuti ndizo zimafewetsa chimbudzi.
5. Khungu lidzoledwe, thupi lifunditsidwe, ndipo munthu ayende kapena agwire ntchito tsiku lililonse.
6. Mchere, shuga ndi mafuta zikhale za muyeso.
7. Mbaula isagone m'nyumba, ndipo mankhwala osadziwika asalowe m'kamwa.

Asing'anga akale a ku India adaona bwino kuti nyonga ya munthu imaphikidwa tsiku ndi tsiku m'mbale yake, m'tulo take ndi m'ntchito yake. Banja limene limadya chotentha, kumwa madzi owiritsa ndi kufunda mokwanira latenga kale gawo labwino koposa la nzeru zawo, popanda kugula botolo lililonse. Zotsalazo n'za ku chipatala. Kupewa kumaposa kuchiza.